Ndagwira ndodo ya saveya zaka ziwiri, tsopano ndilowere kuti? Funso la ntchito za misewu kuchigwa kuno

Mnyamata wa pa Bangula walemba:

Moni akuluakulu nonse. Ndili ndi zaka 24 ndipo ndili ndi MSCE, masamu ndinakhoza bwino. Ndagwira ntchito ya msewu zaka ziwiri, poyamba ndi fosholo ndi wilibala, kenako kugwira ndodo ya saveya ndi kukhoma zikhomo. Ntchitoyo ikutha mvula isanayambe ndipo kampani ikusamuka. Sindikufuna kuti chaka chamawa ndikaimenso pageti pamodzi ndi anthu amene sanaonepo msewu ukumangidwa.

Ndithandizeni zinthu ziwiri. Choyamba, munthu ngati ine amakwera bwanji pa ntchito imeneyi? Ndipite kusukulu, ndiphunzire makina, kapena ndikhalebe pafupi ndi saveya? Chachiwiri, ndimamva maina a mabungwe ambiri, NCIC, MEI, MABCATA, ena akuti yuniyoni. Anzanga akuti popanda kulowa limodzi mwa amenewa sungapite patali. Langa ndi liti pa mabungwe onsewa?

Kapitawo wa ku Nchalo wayankha:

Mphwanga, musanaganize za sukulu kapena bungwe, pali chinthu choti muchite sabata ino kampani isanapakire katundu. Pitani kwa site agent, mkulu wa kampani pa malo a ntchito, akulembereni kalata pa pepala la kampani, yokhala ndi chidindo. Isangonena kuti "anagwira nafe ntchito". Inene dzina la msewu, tsiku lomwe munayamba ndi lomaliza, komanso ntchito yeniyeni: wothandizira saveya, kukhoma zikhomo, kugwira ndodo ya levulo (chida choyezera kukwera ndi kutsika kwa malo). Saveya amene mumayenda nayeyo asayinirenso ndipo musunge nambala yake. Anyamata ambiri kuno amagwira zaka zisanu, zisanu ndi chimodzi, koma papepala amakhalabe alebala, chifukwa kampani ikachoka palibe amene angawachitire umboni.

Pa msewu pali makwerero anayi amene munthu wopanda digiri angakwere, ndipo salingana.

Oyamba ndi a makina. Munthu amayamba ngati wothandizira, kuthira girizi, kupukuta fyuluta ya mpweya, kuona oyilo ndi madzi m'mawa uliwonse. Kenako amapatsidwa rola, pambuyo pake loda kapena ekisikaveta, ndipo pamwamba penipeni pali gireda. Woyendetsa gireda amene amadula msinkhu womaliza wa base (leya ya pansi pa phula), osaphonya ndi mamilimita opitirira 10 kapena 15, ndi wosowa m'dziko muno ndipo makampani amamulimbirana. Koma kufika pamenepo ndi zaka zambiri, ndipo makina si anu: tsiku limene gireda yaima chifukwa chosowa dizilo, inunso mwaima. Ngati mukufuna tipa kapena bawuza yonyamula madzi, pamafunika laisensi ya galimoto zazikulu yochokera ku Road Traffic, osati kalata ya kapitawo.

Achiwiri ndi a zomangamanga: makalavati, milatho, ngalande zamiyala, magabiyoni (mabokosi a waya odzaza miyala). Apa pamafunika kalipentala wa mashatala (zikombole zothiramo konkire), womanga zitsulo, womanga miyala ndi wowotcherera. Pepala lake ndi satifiketi ya TEVET kapena trade test, imene imayamba giredi 3 nkumakwera mpaka giredi 1. TEVETA ili ndi njira yoyesa anthu amene anaphunzira luso pa ntchito osalowa m'kalasi, choncho amene wamanga makalavati zaka zingapo asadziderere. Kuchigwa kuno luso limeneli silisowa msika, chifukwa chimene chimapha misewu yathu ndi madzi. Onani zimene zinachitika mu Januwale 2015, nthawi ya namondwe Ana mu 2022 ndi namondwe Freddy mu 2023. Msewu wa M1 pakati pa Chikwawa, Nchalo ndi Bangula, ngakhalenso wa ku East Bank wochokera pa Thabwa, umaduka pa mitsinje, osati pakati pa phula louma.

Achitatu ndi a labu yoyesa dothi ndi konkire, amenewo ndiwasiyira odziwa bwino. Achinayi ndi anu omwewo, a saveya, ndipo kwa munthu wokhoza masamu ine ndikuti musachokepo. Chofunika nkuchoka kumbuyo kwa ndodo nkuima kumbuyo kwa levulo. Phunzirani izi mpaka muzizichita muli mtulo. Kuimika levulo pa miyendo yake itatu, kathovu nkukhala pakati, m'mphindi zosapitirira ziwiri. Kuwerenga ndodo pa benchmark (chizindikiro chokhazikika chimene msinkhu wake umadziwika kale), nkuphatikiza ndi msinkhu wa benchmarkyo kuti mupeze kutalika kwa chida, kenako nkumachotsera zimene mwawerenga pa chikhomo chilichonse. Kubwerera pa benchmark yomwe munayambira kuti muone ngati mwatseka bwino. Pa kilomita imodzi, kusiyana kopitirira mamilimita 12 ndiye kuti penapake mwalakwitsa, bwerezani. Ndipo dziwani kuwerengera kupendekeka kwa msewu. Ngati theka la msewu ndi mamita 3.5 ndipo pulani ikuti 2.5 peresenti, m'mphepete muyenera kutsika ndi mamilimita 88 kuchokera pakati. Msewu wa gravel umafuna kupendekeka kwambiri, 4 mpaka 6 peresenti, apo ayi madzi amagona pamwamba nkuyamba maenje.

Chenjezo limodzi la kuno: kuyambira cha m'ma 11 koloko mu Okutobala ndi Novembala, mpweya wotentha umavina pamwamba pa msewu ndipo manambala a pa ndodo amagwedera. Musawerenge patali kupitirira mamita 40 kapena 50, ikani levulo pakati pa malo awiri oimikapo ndodo, ndipo levulo zofunika kwambiri zitengeni m'mawa.

Mukadziwa levulo, total station, chida chamakono choyezera mitunda ndi makona, sichedwa kuidziwa. Kuchoka pamenepo munthu amakhala wothandizira saveya weniweni, kapena kapitawo wa ntchito za dothi. NCIC, bungwe la boma loyang'anira ntchito zomangamanga limene tsopano limatchedwa CIRA, imachititsa maphunziro a ukapitawo, ndipo satifiketi yake makampani amaidziwa. Za mabungwe, pa msinkhu umene muliwu musalipire aliyense amene akukuuzani kuti akulowetsani mu NCIC. Kumeneko kumalembetsedwa makampani, osati munthu wofuna ntchito.

Mayi injiniya wa ku Dyeratu ayankha:

Achimwene, zimene anena a Kapitawo za kalata nzoona, ndipo ndionjezepo kabuku. Gulani kabuku kolimba chikuto, muzilemba tsiku lililonse: chainage (nambala ya mtunda pa msewu) yoyambira ndi yomalizira, ntchito imene yachitika, chida chimene mwagwiritsa, ndi amene amayang'anira. Mwezi ukatha asayinire. Kabuku kameneka kamagwira ntchito pofunsira malo kusukulu ngati munthu wodziwa kale ntchito, komanso polembetsa ku bungwe la mainjiniya m'tsogolo.

Pamene ndikusiyana nawo pang'ono ndi pa sukulu. Levulo ikufikitsani pa ukapitawo, koma pali denga. Ma tenda a Roads Authority amatchula anthu ofunika pa ntchito, monga site agent, saveya, woyang'anira labu, ndipo pa aliyense amalemba pepala lofunika ndi zaka zimene wagwira ntchito. Kampani singakuikeni pa mndandanda umenewo opanda dipuloma, ngakhale mutadziwa ntchito kuposa amene ali nayo. Choncho popeza muli ndi zaka 24 zokha, konzekerani dipuloma ya civil engineering, ngakhale yophunzira kumapeto a sabata mukugwira ntchito. Musanalipire fizi kulikonse, funsani ngati sukuluyo ndi pulogalamu yakeyo nzovomerezeka ndi NCHE (bungwe loyang'anira sukulu zaukachenjede) kapena TEVETA, chifukwa pepala la sukulu yosavomerezeka limakanidwa pa nthawi yolembetsa, ndalama zitapita kale. Digiri ili ku MUBAS, imene kale inali Polytechnic, zaka zisanu, ndipo ili ndi nthambi yoona za misewu ndi mayendedwe.

Tsopano za labu. Ndi khomo limene achinyamata ambiri saliona, koma lili pafupi ndi inu kuposa gireda. Palibe leya ya msewu imene imaphimbidwa labu isanavomere. Dothi limathiridwa m'maleya a mamilimita 150 likatsindiridwa, ndipo leya iliyonse imayesedwa. Kawirikawiri dothi lokwezera msewu limafuna 93 peresenti ya kutsindirika kwapamwamba kumene labu yapeza pa mayeso a Mod AASHTO, subbase (leya ya pansi pa base) 95, base 98. Woyesa amakumba kadzenje, kuyeza kulemera kwa dothi lotulukamo, kudzaza kadzenjeko ndi mchenga wodziwika kulemera kwake, ndi kuumitsa dothi kuti adziwe madzi amene analimo. Ndi masamu a Fomu 2, koma amafuna munthu wosanama. Muphunzirenso kusefa dothi pa masefa, kuyesa kunanda kwake kumene timati PI, kuyesa mphamvu yake yonyamula katundu imene timati CBR, kugwiritsa DCP (chitsulo chokhomera pansi poyesa kulimba kwa dothi), ndi kupanga makyubu a konkire a mamilimita 150 amene amaphwanyidwa pa tsiku la 7 ndi la 28. Gravel ya base imafuna CBR ya 80 ndi PI yosapitirira 6, pamene ya subbase CBR ya 30 imakwana pa misewu yambiri.

Chifukwa chimene ndikulimbikira labu ndi dothi la kuno. Makande a ku Ngabu ndi madera ozungulira amafufuma akamwa madzi, nkunyala ndi kung'aluka chilimwe. Pakati pa msewu chinyezi sichisintha kwambiri chifukwa phula laphimba, koma m'mphepete mumanyowa ndi kuuma chaka ndi chaka. Nchifukwa chake mumaona ming'alu yaitali yotsata msewu cha m'mbali, ngakhale pamene sipadutsa magalimoto olemera. Mankhwala ake ndi kuchotsa makandewo kuya kwa theka la mita kapena kupitirira nkubwezeramo dothi losafufuma, kapena kuwasakaniza ndi laimu, kuika phula mpaka pa mapewa a msewu, kugoneka mbali za msewu kuti zisakhale zoimirira, ndi kutalikitsa ngalande kuti madzi asamaime pa phazi la msewu. Simenti pa makande sigwira bwino ngati laimu, chifukwa dothi lonanda silisakanikirana nayo.

Vuto lachiwiri ndi mchenga. Mitsinje yotsika m'mapiri a Thyolo kupita ku East Bank, ndi ya kuzambwe monga Mwanza, imathamanga kumtunda nkudzafooka ikafika pachidikha, ndipo mchenga wonse imautula pomwepo. Mtsinje umakwera chaka ndi chaka mpaka kalavati kukwiririka, madzi nkufuna njira ina. Kawirikawiri mlatho umatsala chiimire, chimene chapita ndi dothi lolowera pa mlathowo. Mlatho wa Chapananga pa Mwanza, umene unaonongeka ndi Ana mu 2022, ndi malo a Mtayamoyo pakati pa Bangula ndi Makhanga, amene anaduka mu 1997, ndi sukulu yokwanira kwa aliyense wofuna kumvetsa madzi a kuchigwa. Paipi ya mamilimita 600 kuno ndi msampha, imatseka msanga ndipo munthu sangalowemo kukafukula. Yambirani pa 900, kapena mangani kalavati wa bokosi, kapena dirifiti, konkire yowolokerapo imene madzi amadutsa pamwamba pake, pamene mtsinje uli wotambalala. Kotulukira madzi kuikidwe konkire yokhala ndi khoma lolowa pansi, ndi magabiyoni okhala ndi nsalu ya geotextile kunsi kwake. Opanda nsaluyo madzi amakoka dothi kudzera m'mipata ya miyala, gabiyoni nkutitimira.

Konkire nayo imavuta pa kutentha kopitirira madigiri 40. Ithiridwe m'mamawa, miyala ya kwale inyowetsedwe kaye, ndipo pasapezeke wothira madzi oonjezera kuti ifewe, chifukwa madzi amenewo ndiwo amadya mphamvu yake. Ikatha, iphimbidwe ndi ziguduli zonyowa kapena mchenga wonyowa masiku 7. Munthu amene amadziwa zinthu zitatu izi, makande, mchenga ndi konkire ya pa dzuwa, amafunidwa pa misewu, pa njanji ya Marka kufika Bangula, ngakhalenso pa ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira, chifukwa luso lake ndi limodzi.

Za mabungwe, siyanitsani amene amapereka chilolezo ndi amene munthu amalowa mwa kufuna kwake. MEI, Malawi Engineering Institution, inakhazikitsidwa ndi lamulo la 2019 limene linaphatikiza Board of Engineers ndi Malawi Institution of Engineers. Imalembetsa anthu ogwira ntchito ya uinjiniya. Womaliza digiri amayamba ngati graduate engineer, amagwira ntchito pansi pa injiniya wolembetsedwa, amalemba lipoti la zimene wachita, nkukaonekera pamaso pa akuluakulu a ntchitoyi asanakhale professional engineer. A dipuloma nawo ali ndi gulu lawo. Ambiri amalakwitsa pochedwa kulembetsa, akumati ndidzapita ndikadzafuna udindo, ndiye zaka zimene agwira popanda womuyang'anira wodziwika zimavuta kuziwerengera. Lembetsani chaka chimene mwalandira pepala, lipirani chaka ndi chaka, ndipo pitani ku maphunziro ndi misonkhano yake. Kumeneko nkumene munthu wa ku Nsanje amakumana ndi amene amalemba anthu ntchito ku Blantyre ndi ku Lilongwe. Mukasankha kupitirira ndi usaveya mpaka pamwamba, kapena kuwerengera mitengo ya ntchito, bungwe lake ndi Surveyors Institute of Malawi.

Mnyamata wa pa Bangula walembanso:

Zikomo kwambiri bambo Kapitawo ndi mayi. Kalata ndikaipempha mawa. Funso lina: amalume anga akuti m'malo motaya ndalama kusukulu, titsegule kakampani tizipeza ntchito zing'onozing'ono za kukhonsolo, monga kulambula misewu ndi kumanga makalavati. Akuti tikalowa MABCATA ntchito zizibwera. Zili choncho?

Kontilakitala wa ku Ngabu wayankha:

Mwana wanga, auzeni amalume anu kuti MABCATA sigawa ntchito. Ndi bungwe la eni makampani a zomangamanga, Malawi Building and Civil Engineering Contractors and Allied Trades Association, ndipo ntchito yake nkulankhulira makontilakitala pa zinthu zimene mmodzi payekha sangamveke: kuchedwa kwa malipiro, kusintha mitengo ya mu kontilakiti kwacha ikagwa, gawo la makampani a kuno pa ntchito zazikulu zimene apatsidwa akunja. Phindu lake lilipo ndithu, koma ndi la munthu amene ali kale ndi kampani yoyenda, amene amapita ku misonkhano nkumalankhula. Wongolipira nkukhala pakhomo sapezapo kanthu.

Dongosolo lotsegulira kampani lili motere. Mulembetse dzina la bizinesi kapena kampani ku boma. Mutenge nambala ya msonkho, TPIN, ku MRA ndipo muzikhala ndi kalata yosonyeza kuti mulibe ngongole ya msonkho. Mutsegule akaunti ya kubanki m'dzina la kampani. Kenako mulembetse ku NCIC, bungwe limene linakhazikitsidwa ndi lamulo la 1996 ndipo tsopano likudziwika ndi dzina latsopano la CIRA. Kumeneko mumasankha gulu, ndipo la misewu ndi civil, osati building. Mumaikidwa pa kalasi malinga ndi kukula kwa ntchito imene mungakwanitse, kuyambira yaing'ono mpaka yopanda malire, ndipo amayang'ana anthu amapepala amene muli nawo, zida, ndalama ndi ntchito zimene munamalizapo. Satifiketi imakonzedwanso chaka chilichonse. Pomaliza mulembetse ku PPDA, bungwe loyang'anira kagulidwe ka katundu ndi ntchito za boma, kuti muzitha kupikisana pa ma tenda a boma. Taonani pamene pali mfundo: kampani ya civil imafunsidwa munthu wa pepala la ntchitoyi. Ngati si inu, mudzabwereka dzina la munthu wina, ndipo pa malo a ntchito padzakhala palibe wodziwa kuwerenga pulani. Ndiye sukulu imene amalume akuti nkutaya ndalama ndiyo mwala wa pangodya wa kampaniyo.

Chimene chimagwetsa makampani aang'ono kuno si kusowa ntchito, koma kuika mtengo mongoyerekeza. Tengani chitsanzo cha kuthira gravel pa kilomita imodzi, mulifupi mamita 6, kuchindikala mamilimita 150. Ndi makyubiki mita 900 itatsindiridwa. Koma pa tipa imakwera yomasuka, ndiye chulukitsani ndi 1.3, mupeza pafupifupi 1,170. Pa tipa ya makyubiki 10 amenewo ndi maulendo 117. Tsopano funsani kumene gravel yabwino ili. Pachidikha pali makande ndi mchenga, gravel imapezeka cha m'munsi mwa mapiri. Ngati mgodi wake uli pa makilomita 20, ulendo uliwonse ndi makilomita 40, ndipo onse pamodzi ndi makilomita 4,680 a dizilo pa kilomita imodzi ya msewu. Amene anaika mtengo asanapite kukaona mgodi, asanakambirane ndi mfumu ndi mwini munda, walowa m'ngongole tsiku losayina.

Madzi nawonso ndi ndalama. Kuti muonjezere chinyezi cha 5 peresenti pa gravel imeneyo pamafunika malita pafupifupi 100 pa kyubiki mita iliyonse, kutanthauza malita 90,000, maulendo 9 a bawuza ya malita 10,000. Mu Okutobala onjezerani, chifukwa dzuwa ndi mphepo zimamwa madziwo rola isanafike. Thirani madzulo kapena m'bandakucha, sakanizani ndi gireda, nkutsindira nthawi yomweyo. Mukatsindira youma, labu ikana, ndipo kugumula nkubwereza ndi pa thumba lanu.

Kenako pali ndalama zimene mwagwirira ntchito koma simuziona msanga. Ma tenda ambiri amafuna chikole cha kubanki kapena cha inshuwalansi popikisana, ndi china mukapambana, kawirikawiri 10 peresenti ya mtengo wa ntchito. Pa satifiketi iliyonse ya malipiro amadulapo ndalama yosungira, 5 kapena 10 peresenti, ndipo gawo lake limatuluka pakatha nthawi yokonza zolakwika, imene pa ntchito zambiri ndi miyezi 12. Pamadulidwanso msonkho ndi levy ya NCIC. Malipiro enieniwo akhoza kuchedwa miyezi, pamene antchito akufuna zawo pa 30 ndipo mwini gireda amawerenga maola ngakhale makina angokhala. Wopanda ndalama zoyendetsera miyezi itatu asayambe.

Nyengo muziiwerenganso. Kuyambira Disembala mpaka Malichi ntchito za dothi pa makande siziyenda, tipa imatitimira mpaka ma akiselo. Kontilakiti ya masiku 90 yosayinidwa mu Novembala ndi yoopsa. Mvula ikakuimitsani, lembani kalata yopempha kuonjezera nthawi m'masiku amene kontilakiti yanena, ndipo sungani buku la pa malo a ntchito losonyeza tsiku lililonse la mvula. Zonena pakamwa ndi injiniya siziteteza ku chindapusa cha kuchedwa. Chimodzimodzinso ntchito yoonjezera: popanda chilolezo cholembedwa musakumbe ngakhale mita imodzi.

Khomo labwino loyambira ndi kugwira pansi pa kampani yaikulu. Malamulo a NCIC amafuna kuti kampani yakunja igawireko ntchito makampani a Amalawi, ndipo ngalande zamiyala, magabiyoni, makalavati ang'onoang'ono ndi kubzala udzu m'mbali mwa msewu ndi zimene zimagawidwa kawirikawiri. Sizifuna makina ambiri. Koma pasayinidwe pangano lolembedwa, lonena mtengo pa mita kapena pa kyubiki, amene akupereka simenti ndi waya, tsiku loyeza ntchito ndi tsiku lolipira. Mukamaliza tengani satifiketi yomalizira ntchito, chifukwa ndi imene imakukwezani kalasi.

Wa yuniyoni ku Nsanje wayankha:

Achimwene, pa mabungwe onse amene mwatchula, limene mungalowe lero lomwe muli ndi MSCE yanuyo ndi yuniyoni. MEI ikudikira pepala lanu, NCIC ndi MABCATA ndi za olemba ntchito. Antchito a zomangamanga ali ndi yuniyoni yawo, Building, Construction, Civil Engineering and Allied Workers Union, imene ili pansi pa MCTU, mgwirizano wa mayuniyoni a m'dziko muno. Lamulo la Labour Relations Act la 1996 limapereka ufulu wolowa yuniyoni, ndipo kuchotsa munthu ntchito chifukwa cha zimenezo nkulakwira lamulo.

Popeza ntchito yanu ikutha, onani izi musanasayine pepala lililonse lomaliza. Maola a ntchito pa sabata ndi 48, opitirira pamenepo ndi ovataimu, ndipo pa tsiku wamba imalipidwa ola limodzi ndi theka. Pa misewu anthu amagwira mpaka mdima nthawi yothira phula kapena konkire, ndiye yerekezani maola anu ndi buku la kalaliki wa nthawi. Masiku a tchuthi amene simunapume ayenera kulipidwa. Ngati amakudulani penshoni, lamulo limati wantchito apereke 5 peresenti ndipo wolemba ntchito 10 peresenti. Funsani dzina la kampani yosunga penshoniyo ndi nambala yanu, nkutsimikiza kuti ndalamazo zinafikadi, chifukwa kudula pa pepala la malipiro ndi kutumiza ndi zinthu ziwiri. Satifiketi yosonyeza kuti munagwira ntchito, imene a Kapitawo akunena, si chifundo cha bwana, Employment Act imati mukaipempha mupatsidwe ntchito ikatha.

Amene anavulala pa ntchito, kaya ndi phula lotentha, kaya kugumukiridwa m'dzenje la kalavati, nkhani yake ikalembedwe ku ofesi ya zantchito pa boma la Chikwawa kapena la Nsanje kampani isanachoke, pamodzi ndi lipoti la kuchipatala. Chipukuta misozi chimayendera mapepala amenewo. Kampani ikasamuka nkhani isanalembedwe, kuilondola kumavuta kwambiri. Madandaulo a malipiro amayambiranso ku ofesi yomweyo, akakanika amapita ku Industrial Relations Court.

Vuto la yuniyoni pa misewu ndi loti ntchito zake nzosakhalitsa, anthu amabalalika isanazike mizu. Nchifukwa chake ndi bwino kusankha oimira antchito mwezi woyamba, nkhani za madzi akumwa, mthunzi wopumira masana, nsapato, zipewa ndi zotchinga fumbi zikambidwe ntchito ikuyamba. Pa dzuwa la kuno madzi akumwa pa malo a ntchito si nkhani yopempha.

Kapitawo wa ku Nchalo wayankhanso:

Za dipuloma sindikutsutsa mayi, denga lilipodi. Ndingoti musasiye ntchito kuti mukakhale m'kalasi mokha ngati pali njira yochitira zonse ziwiri, chifukwa wa dipuloma amene sadziwa kuimika levulo amavutika pa msewu kuposa inu. Miyezi ya mvula ikubwerayi, pamene ntchito za dothi zaima, ndiyo nthawi yofufuza sukulu ndi kutumiza makalata. Makalatawo musatumize ku makontilakitala okha. Makampani a mainjiniya oyang'anira ntchito nawonso amalemba othandizira saveya, a labu ndi ma inspector, ndipo kumeneko mumaphunzira kuwerenga pulani ndi specification tsiku ndi tsiku. Masabata amene atsalawa, pemphani saveya wanu kuti pa nthawi ya nkhomaliro azikusiyirani levulo. Yambani pa benchmark imodzi, zungulirani zikhomo khumi, bwererani pomwepo, ndipo mumuonetse tsamba la buku mmene mwatsekera. Akasayina masamba asanu otere, muwaphatikize ku kalata ija.